Mmene Ndinaphwasulira Pulogalamu Yathu Yolembera

Nditamaliza maphunziro a kompyuta ku Blantyre, anzanga onse anatsalira m'tauni. Ine ndinabwerera kwathu ku Nkhotakota n'kupeza ntchito pa kaofesi kena pa boma, kothandiza makalabu a alimi a mpunga ndi asodzi. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka kumene, pakamwa pa anthu patamasuka. Aliyense ankafuna kulembetsa kanthu. Kalabu iyi ikufuna chidziwitso cha msonkhano, gulu ilo likufuna dandaulo lake likafike kwa akuluakulu, nawonso abwana athu anali atayambitsa kanyuzipepala ka Chichewa kotuluka mwezi ndi mwezi.

Kompyuta inalipo imodzi yokha, chibokosi chotuwa chimene chinkang'ung'uza muofesi ya abwana. Kuchokera pamenepo mawaya ataliatali ankadutsa kudenga kubwera m'chipinda chathu, momwe munali mateminolo awiri. Teminolo ndi sikirini ndi kiyibodi basi. Ilibe nzeru zakezake: imangotumiza kuchibokosi batani limene wadina, n'kuonetsa zimene chibokosicho chayankha. Pulogalamu yolembera makalata anaipanga ndi mzungu wina amene anagwirapo ntchito ine ndisanabwere. Popita kwawo anasiya malangizo onse oyendetsa pulogalamuyo, olembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C, mufayilo imodzi yaitali imene palibe anali ataitsegulapo.

Amene ankalimbana nayo tsiku ndi tsiku pulogalamuyo anali wotayipa wathu, bambo wachikulire wachisilamu wa ku Liwaladzi, wosavula kofia yake yoyera. Iwowa anakulira pa tayipi ya zitsulo ija, ndiye zala zawo zinali zaliwiro komanso zolemera. Batani ankalimenya ngati akukhoma msomali. Ine ndinkawatchula kuti Bambo, iwo n'kumanditchula kuti mwanawe.

"Mwanawe, tabwera kuno," anandiitana sabata yanga yoyamba. "Yayambanso kutukwana."

Pakati pa kalata yawo panali timizere ndi zilembo zimene iwo sanalembe. Anangodina batani la muvi kuti akwere mzere wapamwamba, pulogalamu n'kulavula zonsezo. Vuto lina linali pulinta. Ukatumiza kalata kuti isindikizidwe, zonse zinkaima mpaka pepala lomaliza litatuluka. Ukati uimitse kusindikizako, pulogalamu yonse inkafera pomwepo, teminolo n'kutsala yogontha: ukudina mabatani koma pasikirini osaoneka kanthu.

Chimene chinandikwiyitsa zenizeni chinachitika tsiku lina kutatentha kwambiri. Kunabwera amayi ogulitsa usipa, akufuna kalata yodandaula za malo awo pamsika. Anakhala pabenchi mmawa wonse, wina akunena mawu, wina akutsutsa, Bambo akutayipa ndi kufufuta. Atatsala pang'ono kumaliza, magetsi anaphethira. Chibokosi cha kwa abwana sichinazime chifukwa chinali ndi batire, koma teminolo itayakanso, kalata ija kunalibe.

"Ndiye tiyambirenso?" anafunsa mtsogoleri wa amayiwo, atagwira m'chiuno.

Bambo anawerama, n'kutulutsa tayipi yawo yakale pansi pa tebulo, n'kuipukuta fumbi. Amayi aja anaomba m'manja.

Mawa lake ndinasindikiza fayilo yonse ya mzungu uja. Pepala la pulinta linali lija lolumikizana, ndipo nditalitambasula linachoka patebulo langa mpaka kukatulukira pakhomo. Ndinaligwadira ndi zolembera zamitundumitundu. Paliponse pamene pulogalamu inkamvetsera kiyibodi ndinkazunguliza ndi chofiira. Pamene inkalemba pasikirini, chabuluu. Pamene inkayambitsa kapena kuimitsa pulogalamu ina, chobiriwira. Pofika masana pepala lonse linali mawangamawanga. Munthuyo sanali wosadziwa ntchito ayi, koma ankangowonjezera chinthu pamene chafunikira. Kiyibodi yokha inkawerengedwa malo ambirimbiri, paliponse mwanjira yakeyake. Ndinayesa kukonza malo amodzi, kwinako kunathyoka. Ndinakumbuka ukonde wa amalume anga ukapiringizika: ukakoka apa, mfundo ikumangika uko.

Koma m'malo mofooka, ndinayamba kusangalala. Ndinkaona bwinobwino mmene chinthucho chikanakhalira: zofiira zonse malo amodzi, zabuluu malo amodzi, zobiriwira malo amodzi. Ndinathamangira kwa abwana pepala likukwekwereka kumbuyo.

Abwana anali munthu wofatsa, mphunzitsi wakale, wokonda kufunsa funso limodzi lokha koma lovuta. Anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya.

"Chabwino, mayi," anatero. "Ndiye mukamaliza, izichita chiyani chimene siichita panopa?"

"Poyamba palibe, bwana. Izingochita zomwezi."

"Mukufuna kugumula nyumba kuti mumange yomweyo?"

"Sindigumula ayi. Ndingosanja katundu m'zipinda zake. Panopa mbale zili kuchipinda chogona, mabulangete kukhitchini. Zikakhala m'malo mwake, chothyoka chilichonse ndizichipeza msanga."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anavomera, koma anati pulogalamu yakale ndisaikhudze, ndizigwira pa kope lake, komanso kanyuzipepala kasachedwe chifukwa cha ine.

Ndinayamba ndi kiyibodi. Ndinapeza kuti batani la muvi silitumiza chizindikiro chimodzi ngati mabatani a zilembo, koma zingapo zotsatizana. Choyamba mwa izo n'chofanana ndi cha batani lapakona lolembedwa kuti Esc, limene pulogalamu yathu inkalimva ngati lamulo loti siya zimene ukuchita. Pa waya wathu wautali uja zizindikirozo nthawi zina zinkafika motalikirana, pulogalamu n'kumvera choyambacho, zotsalazo n'kuziponya m'kalata. Kutukwana kuja kunali kumeneku! Nditazindikira ndinaimirira n'kuzungulira tebulo ndekhandekha.

Ndinapanga khomo limodzi lokha lolowera mabatani onse. Chizindikiro choyamba chija chikafika, pulogalamu idikire kaye pang'ono, ione ngati kukubwera zina. Koma idikire motani? Ikadikira kwambiri, batani la Esc linkayankha mochedwa. Ikafulumira, zinyalala zija zinkabweranso. Apa m'pamene ndinawafuna Bambo.

"Bambo, takhalani apa. Muimenye mmene mumamenyera, musaimvere chisoni."

"Ukunena zoona? Ndikaithyola usalire."

Anapinda manja a malaya. Zala zija zinayamba kuvina pa mivi, m'mwamba, m'munsi, kumanja, kumanzere, kiyibodi ikulira ngati matalala pamalata. Posakhalitsa anaima n'kuloza pasikirini mwachimwemwe: "Iyo! Yatukwana!" Ine n'kusintha nthawi yodikira ija, iwo n'kuyambanso. Tinatero masana onse, tikuseka ngati ana, mpaka anatopa okha.

"Yakana," anatero akupukuta thukuta. "Masha Allah, yakana kutukwana."

Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo inakhala yathu tonse awiri. Mmawa akamatsamiritsa njinga yawo pakhonde ankafunsa asanandipatse n'komwe moni: "Lero tikuthyola chiyani?"

Gawo la teminolo linandikomera koposa. Pulogalamu yolembera ikamayamba, imauza teminolo kuti isinthe khalidwe, izipereka batani lililonse nthawi yomweyo osadikira kuti mzere uthe. Ikamatuluka iyenera kuibwezera mmene inaipezera. Yathuyi inkakumbukira kutero pokhapokha ikatuluka mwaulemu. Ikafa mwadzidzidzi inkaisiya choncho, n'chifukwa chake teminolo inkagontha. Ndinaika malo amodzi osinthira, malo amodzi obwezera, n'kuonetsetsa kuti njira iliyonse yotulukira ikudutsa pamenepo. Ndili pomwepo ndinaona kuti pulogalamuyo inkajambulanso sikirini yonse ngakhale wasintha chilembo chimodzi. Zabuluu zonse zitasonkhana malo amodzi, sikunali kovuta kuiphunzitsa kujambula mzere wosinthika wokhawo. Bambo atayesa anandiyang'ana modabwa.

"Wathiramo chiyani? Ikuthamanga kuposa zala zanga."

Gawo lobiriwira ndi limene linandizunza. Ndinkafuna kuti munthu azitha kupitiriza kulemba pulinta ikugwira ntchito. Njira yake n'njakuti pulogalamu imadzigawa pawiri. M'mabuku amati yabereka mwana. Mwanayo amapita kukasindikiza, kholo n'kutsala likumvetsera kiyibodi. Nditawafotokozera Bambo anagwira pakamwa.

"Astaghfirullah! Makina kubereka?"

Tinayesa. Pulinta inayamba kulira, iwo akutayipabe. Ine ndinali nditakweza kale manja, koma iwo anakwinya nkhope.

"Mwanawe, zilembo zikusowa. Ndalemba mpunga, pano patuluka mpnga."

Zinali zoona. Chilembo apa, chilembo apo, zinkangozimirira, koma pokhapokha pulinta ikamagwira ntchito. Ndinafufuza khomo langa la mabatani lija mzere ndi mzere osapeza cholakwa. Ndinakayikira waya, ndinakayikira kiyibodi, ndinakwera pampando kusuzumira kudenga ngati makoswe atafuna china. Masiku angapo ndinayenda ndi nkhaniyo m'mutu. Yankho linandibwerera Loweruka ndili kumunda kwathu ku Mwadzama, ndikuthandiza mayi kupalira chinangwa. Mwana uja pobadwa ankatengera zonse za kholo lake, ndi khutu lomvera kiyibodi lomwe. Awiriwo ankalimbirana mabatani! Ndinaponya khasu n'kufuula, mayi mpaka kuyesa ndaona njoka.

Lolemba ndinafika ofesi asanatsegule. Kukonza kwake kunali mizere yochepa chabe: mwana akangobadwa, atsekedwe khutu, asamvenso ngakhale lamulo loimitsa limene likupita kwa kholo lake.

"Ndiye wakuba anali mwana wako yemwe," anatero Bambo, zilembo zonse zitatuluka. "Ana a masiku ano!"

Kunatsala nkhani ya magetsi. Teminolo ikazima, chibokosi chimatumiza uthenga kwa pulogalamu kuti mwini wako wachoka. Yakale ija ikamva zimenezo inkangofa ndi kalata yomwe. Yatsopanoyi ndinaiphunzitsa kuti ikamva uthengawo isunge kaye zonse pa diski ya m'chibokosimo. Tsiku loyesa tinawaitana abwana. Bambo anatayipa ndime yaitali ya nkhani ya mitengo ya mpunga, kenako ananyamuka, n'kupita kukhoma, n'kuzula pulagi ya teminolo ndi dzanja lawo. Sikirini inachita bii. Anaibwezera. Ndinalowanso mu pulogalamu, ndipo pansi pa sikirini panatuluka funso limene ndinalilemba ndekha m'Chichewa: "Pali kalata imene simunamalize. Ndiitsegule?" Bambo anadina batani. Ndime yonse inali pomwepo, mpaka liwu limene analisiya theka.

Ndinalulutira muofesi ya anthu. Abwana anazula pulagi okha kachiwiri kuti akhulupirire.

Chimene chinawagonjetsa abwana kwenikweni chinali kanthu kakang'ono. Kanyuzipepala kathu kakasindikizidwa, Bambo ankatenga cholembera n'kumaika kachipewa pamwamba pa w m'mawu ngati Malaŵi, chifukwa kiyibodi inalibe chilembo chimenecho. Tsiku lina anandifunsa ngati makinawo angathe kuvala okha kachipewako. Mu pulogalamu yakale ndikanayenera kusintha malo osawerengeka. Tsopano ndinangowonjezera batani pa khomo lija, pasikirini chilembocho n'kumaoneka chowala kuposa zinzake, ndipo pulinta ndinaiuza kuti ikalemba w ibwerere m'mbuyo kamodzi n'kudinda kachipewa. Tiyi wa mmawa asanazizire, pepala linatuluka. Abwana analiyang'anitsitsa kufupi ndi zenera.

"Mwachita pompano izi?"

"Pompano, bwana."

Analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya, ati akawaonetse anzawo a ku sukulu imene ankaphunzitsa.

Mbiri inafala. Alembi a makalabu a ku Kanyenda ndi kwina anayamba kubwera kudzatayipa okha pa teminolo yachiwiri, Bambo akuwalangiza monyadira ngati makinawo anawapanga ndi iwo. Anthu atsopanowa ankafufuta zinthu mwangozi kawirikawiri, ndipo tsiku lina tikutseka ofesi Bambo anandiimitsa pakhomo.

"Mwanawe, palibe batani loti munthu akalakwitsa, zibwerere mmene zinalili?"

"Limenelo ndiye ndi ntchito yaikulu, Bambo. Pulogalamu iyenera kumakumbukira chilichonse chimene munthu wachita."

"Ndiye iphunzitse kukumbukira. Insha Allah utha."

Ndinakwera njinga ndikuwaseka, koma ndisanatuluke n'komwe pa boma mutu unali utayamba kale kusanja: chilembo chikalowa ndisunge chiyani, mzere ukafufutidwa ndiusunge kuti. Ndinapalasa ndikulankhula ndekha, mpaka ndinapitirira njira yokhotera kwathu. Anandidzidzimutsa ndi mayi wina wogulitsa mango m'mbali mwa msewu, amene anandifunsa ngati ndasamuka. Batani limenelo linandidyera dzinja lonse, koma mpunga usanache linali likugwira ntchito.