Mpeni Umene Apongozi Ananola

Mpeniwo sindinachite kuufuna. Ine ndinagula bokosi la zida. M'chaka changa chachisanu pa ntchito ya udalaivala ku ofesi ya kazembe pa msewu wa Massachusetts Avenue, Loweruka lina ndinaona chikwangwani kufupi ndi kwathu ku Lanham chonena kuti akugulitsa katundu wa munthu amene anamwalira. Kuno amatero. Munthu akafa, ana ake amatsegula nyumba yonse n'kumata timapepala ta mitengo pa chilichonse, ngakhale pa ndodo imene ankayendera. Ndinkafuna masipanala, ndiye ndinatenga bokosi lonse osaona za pansi.

Nditalikhuthula kunyumba ndinapezamo kakatoni kakang'ono, ndipo mkati mwake munali mpeni wopinda wokulungidwa m'kapepala kamafuta. Chigwiriro chinali cha fupa, chachikasu ngati mano a munthu wosuta. Chitsulo chinali ndi timadontho takuda. Ndinauyesa pachala, sunali wakuthwa kwenikweni.

Lamlungu ndinapita nawo kutchalitchi chifukwa kunabwera makatoni a mabuku a nyimbo oti titsegule. Ndisanaulowetse n'komwe m'katoni, munthu anandigwira mkono. Anali mnzanga wina wa ku Lusaka, wogwira ntchito ku banki yaikulu m'tauni, amene timayimba naye besi m'kwaya.

"Mudala, imani!" anatero. "Muziba chamene mwagwira?"

"Mpeni," ndinayankha.

"Iyayi. Leteni kuno."

Anaulandira ndi manja awiri ngati akulandira mgonero. Mkuluyu ali ndi mipeni yopinda yodzaza kabati yagalasi kunyumba kwake, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene unadulapo kanthu. Anandionetsa kachidindo m'munsi mwa chitsulo n'kundifotokozera. Fakitale imene inapanga mpeniwo inatsekedwa kalekale. Dzina lake anagula anthu ena, ndipo mpaka lero akupanga mipeni yofanana nawo maonekedwe, yodzaza m'masitolo, pa mtengo wa mafuta a theka la thanki. Koma wakalewu, wokhala ndi kakatoni kake, kapepala kake, komanso wosanoledwapo, anthu osonkhanitsa mipeni akhoza kuugula pa mtengo wa matayala anayi atsopano.

"Ndiye kuti wakalewu ndi wakuthwa kuposa watsopano?" ndinafunsa.

"Nkhani si yakuthwa. Nkhani ni yakuti sibazapanga futi."

"Nanga timadonthoti ndichotse?"

"Osayesa! Osanola, osapukuta, osagwiragwira. Mwezi wa mawa kuli chionetsero ku Virginia, tizayenda tonse."

Makatoni aja tinatsegula ndi kiyi wa galimoto. Mpeni ndinaubwezera m'kakatoni kake n'kuuika m'dirowa ya pabalaza, pansi pa mabatire ndi makandulo. Galimoto yathu inkafunikadi matayala.

Mwezi womwewo mayi a kunyumba anachira, mwana wathu wachitatu, ndipo makolo awo anabwera kuchokera ku Mchinji kudzaona mdzukulu. Apongozi aakazi anapeza ntchito tsiku lomwe anafika. Apongozi aamuna sanapeze. Iwo anali kalipentala moyo wawo wonse, munthu wozolowera kudzuka n'kugwira kanthu, ndiye tinawaika m'nyumba imene chilichonse chinali chopangidwa kale. Ana athu akuluakulu ankawamva akamalankhula, koma ankawayankha m'Chingerezi, ndipo macheza ankathera pomwepo. Kunja kunali kuzizira. Sabata yoyamba anakonza mipando yonse imene inkagwedera. Sabata yachiwiri anapeza mwala wonolera m'bokosi la zida lija, n'kunola mipeni ya kukhitchini, sizasi, chosendera mbatata, ndi fosholo yochotsera chipale chofewa pakhomo. Tonse m'nyumbamo tinadzicheka zala.

Lachinayi lina ndinaweruka mochedwerapo chifukwa ndinakhala maola atatu panja pa hotela kudikira abwana. Nditalowa ndinapeza apongozi atakhala pampando wawo, atavala jekete, manja ali pamaondo. Ndinawalonjera. Anandiyankha, kenako anapisa m'thumba.

"Akamwini, chida chabwino chonchi mumachisunga bwanji chikuola?"

Mpeni unali mbee. Timadontho tonse anatichotsa ndi sandipepa. Kachidindo kaja kankaonekabe, koma munthu atachita kutsinzinira diso limodzi. Fupa analipala pang'ono kuti likhale bwino m'dzanja, n'kulipaka mafuta ophikira. Kunsonga anakusongola monga amakondera iwo. Anakwinya mkono wa jekete n'kumeta ubweya wa pamkono pawo ine ndikuona.

"Zanditengera tsiku lonse," anatero. "Chitsulo ichi n'cholimba. Cha masiku ano sichitere."

Ndinafunsa za kakatoni kaja. Anali ataikamo mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo pamwamba analembapo ndi bolopeni kuti "m'mawa umodzi". Kapepala kamafuta anapukutira mwala n'kukataya.

Ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo. Mwagwira ntchito."

Munthu amene anakupatsa mwana wake, n'kukwera ndege maola onse aja, sumuuza kuti wakufufutira matayala anayi ndi sandipepa. Kuchipinda ndinawafotokozera mayi a kunyumba. Iwo ankayamwitsa mwana. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Musawauze. Komanso musaonetse nkhope."

Mnzanga wa ku Lusaka sindinamuuze pafoni. Loweruka la chionetsero anabwera kudzanditenga, ndipo apongozi anali atavala kale nsapato, atamva kuti tikupita koona mipeni. Tili pa msewu waukulu wa Beltway ndinatulutsa mpeni uja n'kumuonetsa mnzangayo. Anauyang'ana kamodzi, n'kubwezera maso kumsewu. Tinaoloka mtsinje wa Potomac.

"Ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinaloza kumbuyo ndi chibwano.

Anayang'ana pagalasi n'kuona mdala atakhala tsonga, chipewa chili pamiyendo. "Batata, mwanola bwino," anatero.

"Ndayesetsa," anayankha apongozi.

Chionetserocho chinali m'holo yaikulu, matebulo mizeremizere, mipeni itagonekedwa pansalu zofiira pansi pa magalasi. Anthu ambiri anali azibambo achikulire a ndevu. Apongozi anayenda mizere iwiri manja ali kumbuyo, kenako anandikoka malaya.

"Yonseyi ndi yatsopano?"

"Ayi, bambo. Ina ndi yakale kuposa ine."

"Nanga bwanji sinagwirepo ntchito?"

"Eni ake amangoisunga. Akasiya kuipanga ku fakitale, mtengo umakwera."

Anaganiza pang'ono. "Anasiyiranji kuipanga? Inali yoipa?"

Ndinati sindikudziwa. Anapukusa mutu n'kupitiriza kuyenda.

Mnzanga uja anatifikitsa patebulo la mzungu wina wachikulire amene amati ndiye katswiri wa mipeni ya fakitale imeneyo. Mzunguyo anatsegula mpeni wanga, anauyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, anauyesa pa kapepala. Kapepalako kanagawika pakati popanda phokoso. Anafunsa amene anaunola, ndipo ndinaloza apongozi. Iye anati pa zaka zonse zimene wakhala pa ntchitoyi sanaone anthu ambiri onola ndi manja mofanana mbali zonse chonchi. Kenako anati mpeniwo tsopano mtengo wake ndi wofanana ndi watsopano wa m'sitolo, mwina kuposerapo pang'ono chifukwa cha fupa, ndipo iye saugula.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi.

"Akuti amene ananola mpeniwu ndi mmisiri weniweni."

Apongozi anavomera ndi mutu, osadabwa. Anawerama n'kuyang'ana mipeni ya mzunguyo pansi pa galasi, yonse ya timadontho ngati mmene unalili wanga.

"Muwauze kuti akafuna, yonseyi ndiwanolera. Masiku atatu ndimaliza. Sindiwalipiritsa."

Ndinamuuza mzungu kuti bambo akuti muli ndi mipeni yokongola. Mnzanga wa ku Lusaka anati akukafuna madzi akumwa, n'kuchoka msangamsanga.

Tikuti tizipita, mzungu uja anatiimitsa. Anapisa m'thumba la buluku lake n'kutulutsa mpeni wina, wa masiku ano, wa chigwiriro cha pulasitiki chakuda, umene iye amatsegulira makatoni ndi kusendera maapozi. Unali wobuntha moti sukanadula ngakhale nthochi yakupsa. Ananena mwamanyazi kuti iye kunola sadziwa, ndipo anafunsa ngati mdalayo angamuthandize. Apa ndinamasulira mawu onse monga analili.

Mzunguyo anabwereka mwala kwa munthu wa tebulo loyandikana nalo. Apongozi anavula jekete n'kundipatsa kuti ndinyamule, anakhala pampando wa mzunguyo, anathira timadzi pamwala n'kuyamba. Anthu anayamba kuima. Ena anatulutsa mafoni n'kumajambula, ena anapisa m'matumba. Pamene mnzanga ankabwerako ndi botolo la madzi, panali mzere wa azibambo asanu ndi mmodzi, aliyense atagwira mpeni wake wa tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinali nditaima pambali ndi jekete ngati mmene ndimaimira kuntchito. Tinachoka holo ikutsekedwa. Wina anawapatsa apongozi chipewa cha nsalu, wina anawapatsa mwala wonolera watsopano.

Pobwerera apongozi anakhala kutsogolo. Anati dziko lino anthu ake ndi aulemu, koma sanaphunzitsidwe ntchito. Mnzanga anavomera. Kenako apongozi anamufunsa ngati n'zoona zimene anamva, zoti iye ali ndi kabati yodzaza mipeni kunyumba, ndipo anati Lachiwiri alibe chochita.

Mnzangayo anati Lachiwiri akupita ku msonkhano ku New York. Apongozi anati Lachitatu ndi bwinonso. Iye anati msonkhanowo ndi wautali. Kwa milungu isanu ndi iwiri imene apongozi anatsala nayo kuno, mkuluyu sanatiitane kwawo, ndipo ku kwaya ankabwera mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.