Beseni Lomwe Agogo Analimenya Theche

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, mphuno zanga zimadzaza fungo la chitsulo chopsa ndi oilo wakale, ndipo m'makutu mumabwerera kulira kwa nyundo pashedi yawo ya kuboda, komwe ankawotcherera zitsulo za mathiraki opita ku Zambia, mafelemu a njinga ndi ngolo za alimi a ku Mkanda. Diso lawo lakumanzere linali lakufa, ndipo palibe ankayerekeza kuwafunsa chomwe chinachitika. Anthu ankati ndi aukali, ndipo sankanama.

Chaka cha kadamsana ndinali sitandade folo. Wailesi inachenjeza sabata yonse kuti dzuwa lidzaphimbika masana ndipo tisadzaliyang'ane. Koma kwathu tinali ndi nzeru zathu: kuthira madzi m'beseni n'kuliyang'anira m'menemo, ati madzi amaliziziritsa.

Tsikulo mayi anadzaza beseni pabwalo. Kuwala kutayamba kufooka, kamphepo kozizira kakuwomba, nkhuku zikulowera kukhola mosokonezeka, ine ndinagwada n'kuyang'anitsitsa m'madzimo. Misozi inkatsika koma ndinalimbikira osaphethira, poti ndinkafuna kukawauza anzanga kuti ndaona ndine. Mwadzidzidzi beseni linagubuduzika, diresi langa lonse n'kunyowa. Agogo anali atalimenya theche.

"Bambo, madzi amenewa ndachita kukatunga kumjigo!" anatero mayi, ataiwala n'komwe kuti akulankhula ndi apongozi awo.

"Madzi mukatunga ena mawa. Nanga maso a mwanayu mukawatunga kuti?"

Kenako analoza diso lawo lija. "Ili ndinalitaya kumigodi ndili mnyamata. Ndinkaonerera moto wowotcherera wopanda galasi, osamva kupweteka kulikonse. Ndiye moto umene uja n'chiyani? Uwo uli kumwambawo ndi ng'anjo yoti sinazimepo. Dzuwa likawala m'madzi limaotchabe."

Aka kanali koyamba kuti aliyense amve nkhani ya disolo.

Anatenga chigoba chawo chowotcherera, cha galasi lakuda bii, n'kundiveka ine poyamba. Ndinaona dzuwa lobiriwira, laling'ono, lolumidwa mbali imodzi ngati chitumbuwa. Pambali yotsalayo panali kadontho kakuda.

"Agogo, galasi lanu lada."

"Silinade. Nalo dzuwa lili ndi zipsera zake ngati ine. Ndipo palibe chikulidya, ndi mwezi ukungodutsa kutsogolo kwake. Basi, patsa anzako."

Posakhalitsa panali mzere wofika kumsewu: amayi a mandasi, madalaivala a mathiraki, matenanti a kuesiteti, ngakhale mlaliki yemwe m'mawa wonse ankakuwa kuti dziko latha. Agogo ankawerengera aliyense mpaka faifi, n'kumulanda chigobacho mosanyengerera. Mayi anaima kumapeto kwa mzere, mkwiyo usanathe, koma atavula chigobacho anagwada n'kuwomba m'manja. Ine chifuwa chinali chitatupa ndi kunyada. Aliyense wofika ndinkamuuza kuti, "Amenewa ndi agogo anga," ngati kuti panali wina wosadziwa.

Lero ndine telala ku Ludzi. Galasi lija linasweka pakona, koma lili m'dirowa ya makina anga. Makasitomala amadabwa kuti ndimalowetsa ulusi m'singano kamodzi kokha, popanda mandala. Ndimawauza kuti maso awiriwa anandisungira ndi munthu wa diso limodzi.