Utsi wa Mbewa pa Pisita ya a Victorino

A Victorino musamawatchulire mbewa. Mukangoyerekeza, amalavula malovu n'kunyamuka, ngakhale chipanda cha mowa chili m'manja.

Bambo amenewa ndiwo amasamala pisita, kabwalo kaudzu kotera ndege kuseri kwa kachipatala ka masisitere, kutali ndi Ulongwe, kumene shapa, minibasi ya kuno, imafika ikafuna yokha. Ntchitoyi anaiyamba tsitsi lili bii. Amatchetcha udzu ndi chikwanje chimene kuno amati katana, kugumula chulu chikamera, kupirikitsa mbuzi za eni. Koma pakamwa, abale, Mulungu anawapatsa! Mudzi wonse umawadziwa ndi kukalipa, makamaka chilimwe chikafika, anthu akayamba kutentha tchire kuti akumbe mbewa.

Sankakalipa zamisala ayi. Pilotu wina anawafotokozera kale, ataima nawo pansi pa phiko, kuti ndege imalondola njira pomvera mawu ochokera ku satelite. Koma miyezi yotentha, dzuwa likangolowa, mpweya wa kumwambamwamba umatakasika ngati thobwa lowira, mawu aja n'kumafika odukaduka. Makina akhoza kunena kuti phiri lili uko, pamene lili pamphuno. Zikatero pilotu amangodalira maso ake basi.

"Ndiye inu mukumuphimba masowo ndi utsi chifukwa cha ndiwo!" ankatero a Victorino. Anthu ankangoseka, amvekere, "Madalawa ndegeyo anagula ndi iwo kodi?"

Chaka chatha nthawi ya mwana wawo Sónia itakwana, khanda linapingasa. Sisitere anaitana ndege kuti imutengere kumene angamuchite opaleshoni. Ndegeyo inachedwa kwina ndi wodwala wina, n'kulonjeza kufika chakumadzulo. A Victorino anayendera pisita yonse, kutola ngakhale kamwala. Atatukula mutu, anangoona utsi uli tolotolo kuchokera kudambo, mphepo ikuukankhira pabwalo penipeni. Anathamanga ndi nthambi zaziwisi, akutukwana, koma moto wa chilimwe ungauzime ndi ukali?

Dzuwa litalowa, ndege inamveka. Inazungulira pamwamba pa utsiwo, kuzunguliranso, kenako mawu ake anayamba kuchepa. Pilotu anauza sisitere kuti makina akuphethira, pansi sipakuoneka, ndipo mapiri ali mbali zonse. Sakanatha kutera.

Sónia anamunyamula pa lole ya kachewere, msewu wake wokumbikakumbika uja. Iye anapulumuka. Khandalo ayi.

Nanga anayatsa motowo ndani? Apa m'pamene pamawawa. Lole isananyamuke, anatulukira Afonso, mkamwini wawo, mwamuna wa Sónia yemweyo, mwaye uli mbuu kumaso, mpani wa mbewa m'manja, akumwetulira. Azimayi anali atamuthamangitsa m'mawa, paja za kuchikuta mwamuna sauzidwa. Palibe anamunong'oneza kuti zinthu zavuta, kapena kuti kukubwera ndege. Iye anangokumbuka kuti mkazi wake miyezi yonseyi ankalakalaka mbewa, ndiye anati akachira apeze ndiwo yapamtima.

A Victorino anamulanda mpaniwo n'kuuthyola pabondo. "Inu, inu! Zaka zonsezi ndimalankhula ndi mitengo?"

Mtayo, khanda lobadwa lakufa, amakaika azimayi okha, ndipo salira. Choncho a Victorino mdzukulu wawo sanamuone nkhope, manda ake sawadziwa, misozi anawaletsa. Ukaliwo akautula kuti? Kwa dzuwa? Kwa azimayi osunga mwambo? Kwa mnyamata wokonda mkazi wake? Anangotenga katana n'kupita kupisita, kukadula udzu umene unali wodula kale.

Mpaka lero sanalankhulane ndi mkamwiniyo. Afonso amabwera m'mawa ndi katana yakeyake, n'kuyambira mbali inayo. Akayandikana pakati, a Victorino amatembenuka.

Koma chilimwe chino utsi ukangofuka kudambo, amene amathamanga ndi nthambi zaziwisi ndi Afonso, akukalipa ndi mawu omwe aja a apongozi ake. Nayenso anthu amangomuseka.