Sikuta Yosalira

Njinga yanga yamoto yakale inali ndi phokoso lochititsa manyazi. Ndikamanyamuka pa Mtakataka, a ku Mua ankadziwiratu kuti aphunzitsi akubwera. Koma woidziwa kuposa onse anali amalume, achimwene awo a mayi anga, amene anandilera bambo atamwalira. Maso awo anafa kalekale. Ankakhala pakhonde m'mphepete mwa msewu, ndipo akangomva phokosolo ankaimirira n'kukweza ndodo.

"Imani, aphunzitsi!"

Nanga nkhani zawo zinkatha? Mpunga wa ku Bwanje, bondo likuwawa, mbuzi za eni zadya chinangwa. Ine maso pa wotchi, mtima ukuwira. Kusukulu ndinkafika belu litalira kale, ahedi atakwinya nkhope.

Kenaka ndinapeza sikuta yamagetsi kwa mlamu wanga wa ku Lilongwe, zija amakwera anthu a m'tauni popita kuntchito. Yotchaja ngati foni, utsi ayi, phokoso ayi. Tsiku loyamba ndinawaona amalume ali pakhonde, atatchera khutu kumsewu. Sanaimirire. Ndinangodutsa, ndipo sindinama, ndinasangalala. Mawa lake chimodzimodzi. Milungu itatu yathunthu ndinkawadutsa ngati chitsa.

Loweruka lina masana ndikupukuta sikutayo pakhomo, ndinamva ndodo ikugogoda miyala. Amalume! Okha, wapansi, dzuwa la kuchigwa kuno likuswa mtengo, mapazi atatuwa ndi fumbi, m'manja muli kathumba ka mandimu.

"Mukupeza bwanji, aphunzitsi?" anafunsa asanakhale n'komwe. "Njinga yasiya kumveka. Ndinati mwana uja wagona, akungondibisira."

Mkazi wanga anandiyang'ana. Iye ankaganiza kuti ndimaimabe kwa amalume m'mawa uliwonse.

"Ndili bwino, malume," ndinatero. "Ndinagula ina."

"Aa! Zikomo Ambuye. Ili kuti?"

Ndinawagwira dzanja n'kuliika pachishalo. Anaisisita yonse mpaka kutsogolo, akumwetulira.

"Tailizani timve."

Ndinatembenuza kiyi. Kagetsi kobiriwira kanayaka.

"Tailizani, nanga!"

"Yayaka kale, malume. Iyi siilira."

Dzanja lawo linali likadali pachishalopo. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana, chikhalirecho munthuyo sankandiona n'komwe. Ndikanatha kunama kuti ndinali kumaphunziro ku Lilongwe. Bodzalo linafika pakamwa, koma mkazi wanga anali ataima pomwepo ndi mpando m'manja.

"Ndiye kusukulu mukupita?" anafunsa amalume.

"Ndikupita."

"Tsiku lililonse?"

"Eya."

"Msewu womwe uja?"

"Womwewo, malume."

Anachotsa dzanja pasikutapo pang'onopang'ono, n'kulipukuta pamalaya. Anatambasula kathumba kaja kumbali imene anamva mkazi wanga akupumira.

"Landirani, mayi. Ndinathyolera wodwala, koma mumwera tiyi."

Kenaka anatembenukira kwa ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ndiye kamphepo kankandidutsa m'mawa kaja, munali inu."