Tepi Yopanda Dzina

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Middlesbrough ndi fungo lake lomwe: kapeti ya chinyontho, jekete zonyowa kuseri kwa chitseko, ndi fumbi lotentha lotuluka kumbuyo kwa TV. Inali imodzi mwa nyumba zogundana zija, za njerwa zofiira, zoti woyandikana nawe akayetsemula iwe unkamva. Tinafika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Amami ndiwo anapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu, ine ndi adadi tinangotsatira. Achimwene anga a Mada, mwana woyamba m'banja mwathu, anatsala ku Blantyre kwa azakhali kuti amalize kaye sekondale.

Kumudzi adadi anali munthu. Ankakonza matelefoni, ndipo akamadutsa ndi chikwama chawo cha zipangizo anthu ankawaitana kuti a injiniya. Ku Middlesbrough mapepala awo palibe anawayang'ana kawiri. Anapeza ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni. Sankadandaula, koma ankabwera kunyumba ali zii, ngati munthu woti wasiya china chake m'basi. Tsono tsiku lomwe anthu a kebo ya TV anadzalumikiza waya, adadi anayendayenda ndi rimoti n'kugwera pa tchanelo ina ya ku America imene sinkaonetsa china chilichonse koma makompyuta. Basi, munthu anapeza mpingo wake.

Pulogalamu yawo yapamtima inkayamba folo koloko madzulo. Munali bambo wina wa ndevu zambiri, amene adadi anamupatsa dzina loti a Ndevu, ndi mayi wina wachitsikana wosachedwa kuseka. Anthu ankaimba foni kudandaula kuti kompyuta yawo yafa, awiriwo n'kutsegula ina yofanana nayo patebulo, matumbo onse poyera. Adadi sankadikira yankho. Ankakuwa ali pampando: "Ndi fani imeneyo! Fani yafa!" A Ndevu akanenadi kuti ndi fani, adadi ankatembenuka kufuna mboni, ndipo mboni yake ndinali ine. Amami ankangopukusa mutu akusita yunifolomu. "Abambo a Mada, azungu anuwo adzakupatsani satifiketi?"

Pulogalamu iliyonse adadi ankaijambula pa tepi ya vidiyo. Cholinga chinalipo. Ankati tikadzabwerera kwathu adzatsegula sukulu ya makompyuta ku Lunzu, iwo ndi a Mada, ndipo matepiwo ndiwo adzakhale mabuku. Ankagula matepi akale pamsika wa Lamlungu, pomwe azungu amagulitsa zotsala zawo kumbuyo kwa magalimoto. Ambiri ankakhala othyoledwa kachotsekera ka m'mbali, chizindikiro choti mwini wake sankafuna kuti wina ajambulepo. Adadi anandiphunzitsa mankhwala ake: umangomata kaselotepi pabowopo, deki n'kupusitsika. Iwo akakhala ku shifiti, wojambula ndinali ine. Ha, mmene ndinkadzimvera! M'kalasi mwathu monse munalibe mwana wodziwa za selotepi.

Ndili ndi zaka khumi, foni inalira Loweruka m'mawa tikumwa tiyi. Minibasi imene a Mada anakwera inagubuduzika panjira ya ku Zomba. Amami anali ndi pakati potopa, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo madokotala anakana kuti akwere ndege. Analira, anachonderera, anafika polongedza sutikesi, koma sizinatheke. Adadi anapita okha kukaika mwana wawo.

Masiku amenewo mwambo unali wakuti wachibale amene ali kunja akalephera kufika pamaliro, abale ankapeza munthu wa kamera kuti ajambule zonse, kuyambira kuona nkhope mpaka kumanda. Adadi anabwera nayo tepiyo, imodzi yokha, yomweyo imene inali m'kamera. Amami anaigwira n'kuibweza. Anati adzaionera akadzachira. Atabereka mng'ono wanga Pemphero, anati adzaionera mtima ukadzakhala pansi, kenako anati pakadzatha chaka. Sankafunanso kuti igone nawo kuchipinda. Ndiye adadi anathyola kachotsekera kake kuti itetezeke, n'kuibisa kuseri kwa matepi awo m'kabati ya TV. Sanalembepo dzina. Dzanja linakana. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake, poti ana sitinkauzidwa zinthu zotere. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti m'nyumba mwathu muli tepi ya maliro, ndiponso kuti nkhope yomaliza ya achimwene, imene amami anali asanaione, inali m'menemo.

Miyezi imeneyo tchanelo ija nayonso inayamba kudwala. Tinamva kuti yagulidwa ndi kampani ina yaikulu. Dzina linasintha. Mapulogalamu ophunzitsa anayamba kuzimiririka imodziimodzi, m'malo mwake munadzaza anyamata okuwa akusewera magemu. Adadi ankaonerabe ya a Ndevu, koma anasiya kukuwa mayankho. Ankajambulabe, mwina chifukwa kusiya kukanakhala ngati kuvomera kuti sukulu ya ku Lunzu yafera limodzi ndi mwana. Kenako eni tchanelo analengeza kuti nayonso ya a Ndevu ikutha, ndipo yotsanzika idzakhala ya maola awiri.

Tsikulo adadi anali ku shifiti ya masana. Pochoka m'mawa anandigwira paphewa. "Tiya, iyi yokha usaiphonye. Sidzabweranso."

Ndinathamanga kuchokera kusukulu mvula ikuwaza, kiyi ali m'khosi. Amami anali atapita ndi mwana ku sikelo. Ndinayatsa TV, ndinagwada pakabati, n'kupeza kuti tepi imene adadi anandisiyira inali itatsala pang'ono kudzaza, yosakwana maola awiri. Ndinayamba kutulutsa matepi onse, lililonse lili ndi dzina lolembedwa ndi dzanja la adadi, mpaka ndinafika kukhoma la kabati. Kumeneko ndinapeza imodzi yoyera bwino, yopanda cholembedwa chilichonse. Kachotsekera kanali kothyoka. Ndinaseka ndekha, poti vuto limenelo ndinali katswiri wake. Ndinaluma selotepi ndi mano, ndinamata, ndinabweza tepi poyambira, ndipo nyimbo yotsegulira pulogalamu itangoyamba ndinadina batani lofiira. Ndinakhala pansi n'kumadya buledi wa jamu, wokondwa ngati munthu wopulumutsa mudzi.

Adadi anafika cha m'ma sikisi, amami ali m'mwamba kusambitsa mwana. Ndinawathamangira ndi tepi m'manja kuti andiyamikire. Anaiyang'ana kutsogolo, anaitembenuza, anaona selotepi. Anagwada pakabati osavula jekete n'kupisa dzanja kumbuyo kuja. Kenako anangokhala pansi pakapeti, miyendo tambalale. Sindinawaonepo atakhala choncho. Ndinafunsa ngati ndalakwitsa tchanelo.

"Ayi, mwanawe, wajambula bwino," anatero. Kenako anandiuza chimene chinali pa tepiyo, motsitsa mawu, ngati akuopa kuti makoma amva. Ndinayamba kulira, iwo n'kunditseka pakamwa ndi chikhatho chonunkha sopo wa kuntchito. "Amami ako asamve. Ndikonza."

Panali patatsala miyezi itatu kuti chaka chikwane. Adadi anayesa, abale anga, anayesa. Anaimbira azakhali kuti akafunefune wa kamera uja, ndipo anamupeza, koma analibe ina yotsala. Anakwera sitima kupita ku Leeds kwa anthu okonza mavidiyo, akunamiza amami kuti akukafunsira ntchito. Amami akapita kuchipatala, adadi ankatulutsa matepi awo akale n'kumafufuza pomwe a Ndevu anaphunzitsapo za kubweza zinthu zofufutika. Anapapeza. Koma zinali za kompyuta. Tepi ukaijambula kawiri, zakale zimapita osabwerera. Adadi ankazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense, komabe ankabwereza pulogalamuyo, kope lili pabondo. Ine ndinasiya kudya bwino. Amami akandiyang'ana ndinkathawitsa maso, iwo n'kumaganiza kuti ndikusowa achimwene.

Tsiku lokwana chaka lija linafika Lamlungu. Titabwera kutchalitchi, amami anagoneka Pemphero, anamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kukhala pansi patsogolo pa TV monga amakhalira amayi pamaliro. Anati, "Abambo a Mada, bweretsani. Lero ndimuone mwana wanga."

Adadi anaima pakati pa balaza. Ine ndinali pamasitepe, ndikugwira chitsulo. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kutseka.

"Amake Mada, ndinalakwitsa. Ndinaisokoneza ndi matepi anga, ndinajambulapo. Kwatsala kumapeto kokha."

Amami sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Anangowayang'ana n'kunena kuti, "Ikani." Adadi anafuna kuthamangitsa tepi kuti ifike pomwe patsala, koma amami anakana. Ankaopa kuti mwina penapake pakati patsala kachidutswa, n'kukadumpha. Choncho tinakhala maola awiri athunthu tikuonera azungu akutsanzikana. Anadula keke. Anaonetsa zoseketsa za zaka zammbuyo. Mayi woseka uja analira, a Ndevu n'kumukumbatira, onse m'situdiyo akuwomba m'manja. Amami sanaphethire. Anayang'anitsitsa chinthu chonsecho, manja ali pamiyendo, kudikira.

Kenako chithunzi chinagwedezeka, panadutsa mizere, ndipo mwadzidzidzi m'balaza mwathu munalowa dzuwa la kwathu ndi nyimbo ya amayi ovala zoyera. Bokosi linali litatsitsidwa kale. Adzukulu anali akumaliza kuunjika dothi lofiira, fumbi lili kobo. Tinaona anthu akuika nkhata. Tinaona adadi, owonda, suti ikuwalendewera, akuika nkhata ziwiri, yawo ndi ya amami. Amami anakwawa ndi mawondo mpaka pa TV n'kuika chikhatho pagalasi, pamtumbira paja. Apo m'pamene analira maliro a mwana wawo, kulira kwenikweni kwa kumudzi, mpaka mzungu woyandikana nafe anabwera kudzagogoda.

Kwa miyezi yambiri amami sankalankhula ndi adadi kupatula za mwana ndi za chakudya. Ndinkamva mawu amene ankawaponyera akapsa mtima, oti anasinthanitsa mwana ndi zidole za azungu. Adadi ankangowerama. Sabata yotsatira ananyamula matepi awo onse m'matumba akuda n'kukasiya kubini, ndipo za Lunzu sanazitchulenso. Tchanelo ija inapitirira zaka zingapo ndi magemu ake, kenako tsiku lina inangozima, popanda woilira. Ine ndinakula ndi chinthu changa pamtima. Ndinali wamantha, ndinene zoona. Ndinawasiya adadi asenze mlandu wanga mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda kuno ku Ulaya.

Masiku ano zinthu zinasintha moti ana anga akamva nkhani ya tepi amaseka. Maliro akachitika ku Ndirande, ife kuno timaonera pafoni nthawi yomweyo, ndipo pofika madzulo aliyense ali ndi zithunzi zake. Okonda tchanelo ija anasonkhanitsa mapulogalamu ake n'kuwaika pa intaneti. Ndinafufuzapo tsiku lina, ndinaipeza yotsanzika ija, yonse yathunthu, keke ndi misozi yomwe. Ikanapezekabe ngakhale ine ndikanapanda kujambula.

Amami anapuma ntchito, akukhala ku Wakefield kwa Pemphero. Chaka chatha ndinapita kukawaona, ndipo tikusadzula ndi kudula masamba kukhitchini ndinangoti lero ndi lero. Ndinawauza zonse, za selotepi, za buledi wa jamu, za adadi pakapeti. Sanasiye kusadzula.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Nkhope yako pamasitepe paja inanena zonse. Koma ndinali nditataya kale mwana mmodzi. Ndikanakukalipira iwe, sindikudziwa pomwe ndikanalekezera. Bambo ako anali ndi msana woti n'kusenza."

Ndinalira ngati ndili ndi zaka khumi. Iwo anadikira mpaka nditatonthola. Kenako anaika mpeni pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kundiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala.

"Pali chimodzi chokha chimene ndakhala ndikufuna kukufunsa zaka zonsezi, Tiya. Usanadine batani lija, sunayambe waionerako pang'ono? Ngakhale pang'ono chabe? Anamuveka chiyani mwana wanga?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati suti yakuda, ndikanati ankaoneka ngati wagona. Anali atatsamira kutsogolo, okonzeka kulandira chilichonse.

"Sindinaone, amami. Ndinkafulumira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutolanso mpeni.