Ndinayatsa Makina Opanda Zovala

Pepani kuti ine wa sukulu yakumudzi ndalimba mtima kulemba. Ndimachapa zovala pa hotela ina ku Al Garhoud, kuno kudziko la eni, ndipo nsalu zapabedi ndinkapinda ndi a Bikash, bambo a ku Nepal. Tsiku lina, iwo atagwira nsonga zawo ine zanga, anayamba kundiuza za mkulu wawo.

"Mfumu yathu inatseka nyumba ya malamulo, inadula mafoni, inamanga atolankhani. Mkulu wanga anati khalas, basi, tatopa. Analowa mumsewu ndi anzake, apolisi n'kumuwombera."

Nditangomva mawu oti mfumu, ndinayang'ana kukhomo kuona ngati wina akumvetsera. Kunonso kuli mafumu, ndipo visa yangayi ndi imene imadyetsa kwathu. Ndinataya nsalu ija n'kukayatsa makina oumitsira zovala, mulibe ngakhale sokosi. Ndinaima pamenepo ngati katswiri, phokoso likukwirira mawu awo.

"Bhai, m'bale wanga, mulibe kanthu mmenemo," anatero motsitsa. Kenako anapinda okha nsalu ya anthu awiri.

Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka anabwerera kwawo. Dzina la mkulu wawo sindilidziwa, poti sindinafunse. Chimene ndinafufuza mobisa pafoni ndi tsiku limene mfumuyo inagonja, mkulu wawoyo atamwalira kale: 24 Epulo 2006.