Munthu wa Kuseri kwa Phewa la Ameya

Ku Ottawa, likulu la dziko, tsiku loyamba la chaka ameya amatsekula zitseko za holo ya khonsolo, n'kuimirira m'chipinda chachikulu atavala unyolo wa udindo wawo m'khosi. Aliyense wofuna amalowa pamzere kudzawagwira chanza. Safunsa kuti unavotera yani. Ukatha kupereka moni umalandira kapu ya koko wotentha ndi kachitumbuwa ka nyama, kenako umabwerera kuchisanu kumene wachokera.

A Ovila Séguin anagwira ntchito pamwambowu kuyambira tsitsi lawo lili lakuda mpaka litayera lonse. Koma mukapita kukaona zithunzi za masiku amenewo simudzawapeza. Pena mudzaona khutu lawo, pena nsonga ya phewa. Ankadziwa pomwe wojambula waima, ndipo ankasendera pang'ono.

Masiku ena onse a chaka anali mesenjala wa ku ofesi ya ameya: kutsekula chitseko, kunyamula mafaelo, kupukuta unyolo uja ndi kansalu kofewa. Koma pa Nyuwere ankalawirira. Mzere ukangoyamba kupangika panja, ankayenda m'mbali mwake atanyamula thireyi ya makapu, akucheza ndi anthu ngati munthu wosowa chochita. Anthu ambiri iwo ankawadziwa kale, poti anabadwira ku Vanier, dera lina la mzindawo, ndipo panalibe basi ya mumzindamo imene sanakwerepo. Achilendo ankawafunsa mwaulemu. Nthawi ikakwana ankakaima kuseri kwa phewa lamanzere la ameya, ndipo munthu aliyense akamayandikira ankanong'oneza zinthu zitatu zokha: dzina lake, chilankhulo chomupatsira moni, Chifalansa kapena Chingerezi, ndi kanthu kamodzi ka m'moyo wake.

"Bambo Lavigne, Chifalansa, mwana wawo wakwatiwa."

Ameya ankatambasula manja onse awiri. "A Lavigne! Ndamva kuti munadyetsa anthu ukwati, ine osandiitana!"

Munthu ankatuluka muholomo akuyenda ngati watalika pang'ono.

Ameya ankabwera ndi kupita, a Séguin ali pomwepo. Oyamba anali wogulitsa matabwa, wa zikhatho ngati fosholo, amene ankakonda kunena kuti, "Pamtunda paja pali nyumba ya malamulo, nduna yaikulu imalamula dziko lonse, koma zinyalala zake ndimatola ndine." Anabwera ena ogontha khutu lamanzere, ndipo zaka zawo zonse a Séguin anaima kumanja, akumva ngati avala nsapato mosemphanitsa. Anabwera mayi wina wosakonda nthabwala, amene ankagogoda pansi ndi chidendene akakhala kuti munthuyo akumudziwa kale, kutanthauza kuti khalani chete. Kenako boma linaphatikiza matauni ndi midzi yozungulira kukhala mzinda umodzi, ameya ambirimbiri n'kutsala mmodzi. Nyuwere yotsatira mzere unafika mpaka kumsewu, ndipo pakati pa alimi a ng'ombe ochokera kumidzi panali amuna achikulire amene chaka chapitacho nawonso anali ndi unyolo m'khosi. Wotere akamayandikira, a Séguin ankanong'oneza kuti, "Awa anali ameya kwawo. Atchuleni ameya." Ankaona nsagwada za munthuyo zikumasuka.

Anzawo a muofesi akawayamikira, ankayang'ana pansi n'kunena kuti ndi ntchito basi. Amene ankawaseka anali akazi awo, Noëlla. Akabwerera kunyumba masana a Nyuwere mawu atasasa, mayiwo ankafuula ali kukhitchini.

"Wabwera, Vila? Fulumira, ndinong'oneze. Bambo alowa m'nyumba mwangawa ndi yani?"

"Séguin, Chifalansa, ali ndi njala."

"Aa, a Séguin! Ndamva kuti munalonjeza kukonza mpopi wa kubafa chaka chatha!"

A Séguin anapuma pantchito m'nyengo yotentha. Kuofesi anawagulira keke. Ameya tsiku limenelo anali kumsonkhano kutali, ndipo anatumiza mawu abwino amene mlembi anawawerenga. Masamba a mitengo atayamba kufiira Noëlla anadwala, ndipo mmene sinowo woyamba wa nyengo yozizira ankagwa n'kuti ali kale m'manda.

Panapita nthawi a Séguin asanazindikire chinthu china chimene chinapita limodzi ndi mayiwo. Dzina lawo linali litasiya kumveka. Mwana wawo Ghislaine, amene amakhala kutali ku Calgary, ankaimba foni Lamlungu n'kunena kuti ababa. Kogula mankhwala ankati bambo. Wansembe wa paparishi anali watsopano, ankagwira aliyense chanza pakhomo la tchalitchi akumwetulira chimodzimodzi. Anzawo amene ankawatchula kuti Ovila ambiri anali atagona manda amodzi ndi Noëlla, otsalawo ali m'nyumba zosungira okalamba, ena osazindikiranso ngakhale ana awo. Mmawa wina akumeta ndevu analitchula okha mokweza, kuti amve mmene limamvekera. Anachita manyazi ngakhale munalibe munthu m'nyumbamo.

Ndiye anaganiza zokaima pamzere. Ameya anali omwe aja amene anawatumikira zaka zawo zomaliza, bambo wamtali wa mtima wabwino koma woiwala msanga. A Séguin sankafuna mendulo kapena mawu othokoza, zoterozo zikanangowasowetsa poyang'ana. Ankafuna kuti munthu mmodzi awagwire dzanja, awayang'ane kumaso, anene kuti Ovila.

Mmawa wa Nyuwere foni inalira akusita malaya.

"Ababa, chaka chabwino. Ndaona pa kanema kuti kumeneko kukuzizira moopsa. Musatuluke."

"Ndikupita kuholo."

"Kuholo? Akuitanani?"

"Kumeneko saitana munthu. Umangopita."

"Moyo wanu wonse munathera kumeneko, lero mukaimenso pamzere chifukwa cha koko? Ndikutumizirani koko ine, katoni yathunthu."

"Koko wako alibe mzere, sakoma."

Ghislaine anaseka. Kumbuyo kwake kunkamveka ana akulimbirana chinachake. "Chabwino. Koma muvale bwino, ababa."

Suti yakuda yantchito anaibwezera m'kabati, poti imeneyo inali yovala munthu akafuna kuti asaoneke. Anavala yotuwa, ndi tayi yofiira imene sanayambe apita nayo kuofesi.

Pamzere anaphunzira zinthu zimene zaka zonsezo sankazidziwa. Kuzizira kumalowera kuzala za kumapazi. Mzere ukauona uli m'kati umayenda, koma ukaima panja suyenda. Panalibe munthu woyenda ndi thireyi. Kuyambira pamene iwo anapuma, ntchito ija sanaipereke kwa wina.

"Bambo inu, musasunthe," anatero mawu kumbuyo kwawo. "Msana wanuwo ukunditchingira mphepo."

Anatembenuka. Anali mayi wamfupi wonenepa, atadzikulunga mpango mpaka m'mphuno.

"Ndi ntchito yokhayo imene msanawu watsala nayo, mayi."

"Ndiye muugwiritse bwino. Ine ndine Doreen, Doreen Kilbride. Aka n'koyamba kubwera kuno, ndipo mapazi angawa akuti n'komaliza."

Mayi Kilbride anali a anthu aja olankhula ngati mpopi wosatseka. Asanafike pamakwerero a holo, a Séguin anali atadziwa za bondo lawo, za mlongo wa amuna awo wosabweza mbale, ndiponso za amuna awo enieniwo, Desmond, wozimitsa moto, amene anamwalira chaka chapitacho.

"Iyeyo ndiye sankaphonya. Nyuwere iliyonse, jekete lake la mabatani, uyo wapita. Ine ndinkati ndikazizidwe chifukwa chofuna kugwira chanza munthu wondikwezera msonkho? Amabwera kunyumba atafufuma ngati nkhukundembo. Doreen, ameya amandidziwa. Doreen, afunsa za bondo lako. Ine n'kumuuza kuti iwe Des, akudziwe chifukwa chiyani, ndi ndevu zako zangati tsachezo? Usamandinamize."

A Séguin anamukumbukira. Ndevu zofiira, mawu aakulu, munthu amene ankatenga makapu awiri n'kunena kuti inayo ndi ya mkazi wake. Za bondo anali atawauza yekha ali pamzere womwewu. Anatsala pang'ono kunena, koma mayiwo anali atapitirira kale.

"Ndiye lero ndadzuka, m'nyumba muli zii. Ndati tiyeni ndikaone kumene chitsiru changa chinkathamangira."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. A Séguin anadikira kuti mwina afunsidwa kuti nanga inu ndinu yani. Mayi Kilbride anayamba kufotokoza za mtengo wa mafuta otenthetsera nyumba.

M'kati munali mofunda, oimba malipenga akuimba pakona. Ameya anaima pamalo pa nthawi zonse, pakati pa mbendera. Kuseri kwa phewa lawo kunalibe munthu. A Séguin anawaona akugwira dzanja lililonse mwamphamvu, akunena kuti chaka chabwino m'Chingerezi kenako m'Chifalansa, kuti asalakwire aliyense. Anthu ankamwetulira mwaulemu n'kudutsa msanga.

A Séguin anakonza tayi. Anavula magolovesi, n'kupukuta chikhatho pabuluku.

"Chaka chabwino, bambo," anatero ameya, atawagwira dzanja. Anabwerezanso m'Chifalansa.

Anawayang'ana kumaso ndithu, mokoma mtima, monga umayang'anira munthu wachikulire amene wamusiyira mpando m'basi. Zaka zonse zija a Séguin ankaima kumbuyo. Ameya ankawadziwa mawu, ankawadziwa ngati dzanja lotsekula chitseko ndi suti yakuda m'mbali mwa diso. Nkhalamba ya tayi yofiira yoima kutsogolo kwawo inali yachilendo.

Zinali zosavuta. Akanangonena kuti ndine Séguin, bwana, ameya akanawakumbatira. Koma dzanja lawo likadali m'dzanja la ameya, anaona maso a bwanayo akudumphira kwa munthu wotsatira, ndipo anaona kanthu kamene ankakadziwa bwino kuposa nkhope ya mwana wawo: kakhwinya kakang'ono pakati pa nsidze, ka munthu wofunafuna dzina limene alibe. Thupi lawo silinawafunse. Anasendera kumanzere kwa ameya monga wodutsa, anaweramitsa mutu pafupi ndi khutu, milomo yosagwedezeka.

"Mayi Kilbride, Chingerezi, amuna awo Desmond wozimitsa moto anatisiya."

Ameya anawasiya dzanja osatembenuka, monga ankachitira nthawi zonse. Anatambasula manja onse awiri.

"Mayi Kilbride! Pepani kwambiri za Desmond. Mzere uno ukumusowa lero."

Mayi Kilbride, amene anali akulimbana ndi golovesi yokana kuvuka, anangoti kukamwa yasa. Kenako analira, kulira kwenikweni kwa mapewa ogwedezeka, ameya atawagwira manja onse awiri.

A Séguin anafika patebulo la koko osadziwa kuti afika bwanji. Ali pomwepo anayang'ana kumbuyo. Mayi aja atachoka, ameya anaima kaye ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo. Anatembenukira kuphewa lawo lamanzere, nkhope itawala, pakamwa patatseguka kuti anene kanthu. Kunali mbendera ndi khoma. Anayang'ana kumanja. Anabwereranso kumanzere. A Séguin anali pafupi, kapu ili m'manja, ndipo kukweza dzanja kokha kukanakwanira. Koma panali anthu ambiri, wojambula anali ataloza makina ake komweko, ndipo dzanja linakana kukwera. Munthu wotsatira anafika, ameya anamugwira chanza.

Wina anawakoka mkono wa jekete.

"Mwamva? Bambo inu, mwamva?" Mayi Kilbride maso anali ofiira, koma nkhope yonse ikuseka. "Amutchula dzina! Ine sindinawauze kanthu, munaona nokha. Ndiye kuti Des sankanama."

"Sankanama, mayi."

"Zaka zonsezi ndikumunena kuti ndi wabodza. Ayi, ndikamupepese kumanda chitsiru chimenechi." Anatenga kachitumbuwa, anakaluma, anatenganso kena n'kukakulunga m'kapepala. "Nanga inu anakuuzani chiyani?"

"Anati chaka chabwino."

"Basi?" Anawasisita pamkono mwachifundo. "Musadandaule, bambo. Sangadziwe aliyense."

Anapita akufunafuna foni m'chikwama kuti auze mchemwali wawo.

A Séguin anayang'ana mzere. Unali ukulowabe, ndipo palibe akanawaletsa kukaimanso kumapeto kwake. Koma pamwambowu munthu sadutsa kawiri. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma iwo omwe analisunga zaka zambiri, akumakoka mwaulemu pachigongono aliyense wofuna kubwereza, n'kumuuza kuti apatseko mpata anzake amene akuzizidwa panja. Sakanayamba lero kukhala munthu wokokedwa pachigongono.

Anamwa koko mpaka kutha, anaika kapu pamalo pake, anamanga mabatani a jekete. Panja mphepo inali itakula. Akutsika makwerero, bambo wina wa pamzere, atanyamula mwana paphewa, anawaitana.

"Achikulire, m'katimo muli chiyani? Kapena tikungozizidwa pachabe?"

"Mukufunda," anayankha a Séguin. Anaganiza pang'ono. "Ndipo ameya ndi munthu wabwino. Mukafika muwauze dzina lanu."

Tsiku la tchuthi mabasi amayenda patalipatali. Anakaima pamalo okwerera ali okha, manja m'matumba, akuyang'ana kumene basi ya ku Vanier imachokera.